Nsichi Zaziwisi za a Namakhwa

A Gilson Namakhwa anabadwira ku Mayaka pa 9 Malichi 1951, ndipo anakhala zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri m'mudzi wa akazi awo, kumtunda kwa Mtiya m'tsinde mwenimweni mwa phiri la Zomba, asanauzidwe kuti nthawi yonseyo anali mlendo.

Kuyambira ku Mtiya, kutsika ku Masongola mpaka ku Likangala, panalibe woweta amene sankawadziwa. Ntchito yawo inali kumanga makola. Khola la mbuzi, la nkhumba, la nkhunda pamwamba pa mizati, mpanda wa dimba woti nkhuku isapeze polowera, zonsezo zinali zawo. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda chowerama pang'ono ngati akufuna pokumba dzenje. Paphewa pankakhala nkhwangwa, m'chiuno luzi. Misomali sankaikonda. Ankati msomali umachita dzimbiri mobisa, pamene luzi likatopa limaonekera, munthu n'kulisintha fisi asanadziwe.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa atsibweni awo ku Mayaka, koma inakhwimira paphiri. Mu Epulo 1974 anakwera pamwamba pa phiri kukafuna ganyu, ndipo anaipeza kwa mzungu wina wa ku Jeremani, a Oliver, amene ankaphunzitsa ku koleji m'tawuni koma ankagona m'kanyumba ka matabwa pakati pa mitengo ya paini. Mzunguyu anali ndi nkhosa, ndipo kambuku anali atayamba kumuthandiza kuziwerenga. A Gilson anamanga khola la nsichi zothinana, pamwamba n'kulukapo nsungwi, ndipo kambuku anabwerera kwa anyani ake.

Chimene chinawadabwitsa n'chakuti bwanayo sankatha kukhala kutali ndi ntchito. Akaweruka ankadzakhala pachitsa, chipewa pabondo, n'kumafunsa m'Chinyanja chake chotsimphina: "Iyi dzina ndani? Nanga iyi yogona dzina ndani?" A Gilson ankayankha kuti yoimayo ndi nsichi, yogonayo ndi mbalilo, wotsekerawo ndi mpiringidzo. Poyamba ankaganiza kuti mzunguyo akufuna kuwalanda ntchito. Atamva kuti munthuyo ankafufuza mawu akale a makolo ake, makamaka mayina a mipanda ndi makola, anaseka mpaka kugwira m'mimba, kuti kunja kuno kuli anthu amene amadyera dzina la khola.

Komabe zimene anamva zinawakhala mumtima. A Oliver anawauza kuti mawu akuti tawuni, amene ife timawatchula motukula mapewa, kalekale sankatanthauza masitolo kapena magetsi. Ankatanthauza mpanda basi, wa mitengo yozika ndi nthambi zoluka, ndipo ku Jeremani mawu apachibale ndi amenewo akadali dzina la mpanda mpaka lero. Gadeni ndi yadi, anatero, ndi ana a mimba imodzi, ochokera ku liwu lakale lonena malo otchingidwa. Ngakhale paki, kumene mabwana amakapitidwa mphepo Lamulungu, zikuoneka kuti inayamba ili khola la ziweto. Ndipo midzi yambiri ya ku Mangalande, ukamasula dzina lake, umangopeza kuti ndi mpanda wa uje, dzina la munthu amene anayamba kukhala pamenepo.

"Ndiye kuti kwanuko wozika mpanda ndiye mwini mudzi?" anafunsa a Gilson.

"Kale, mwina. Nthawi zina," anayankha a Oliver, amene sankayankha chilichonse popanda mwina.

A Gilson anataya mwina uja panjira potsika phiri, n'kusunga zotsalazo.

Pamsewu womwewo wotsika phiri ndi pamene anakumana ndi Esitere, mtsikana wa ku Mtiya amene ankagulitsa mapichesi ndi mabulosi kwa alendo. Anakwatirana ku tchalitchi cha CCAP Loweruka pa 14 Ogasiti 1976, ndipo monga mwa mwambo wa kuno, mwamuna ndiye anatsata mkazi. Anakhala mkamwini. Malo ndi a akazi, amachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo wowayang'anira ndi mlongo wawo wamwamuna, mwinimbumba. Mkamwini amapatsidwa pomanga nyumba ndi polima. Atha kumanga nkhokwe, atha kumanga khola. Koma mtengo sabzala asanapemphe, chifukwa mtengo umakhalitsa, ndipo wobzala mtengo amaoneka ngati akunena kuti pano ndi panga.

A Gilson ankaudziwa bwino mwambowu, ndipo sanabzale mtengo. Anamanga khola. Mu Okutobala 1977, atagula mbuzi zawo zoyamba, anakwera m'mbali mwa phiri n'kudula nthambi zonenepa za mlombwa, zaziwisi, n'kudzazizika mozungulira kuseri kwa nyumba. Umu ndi mmene atsibweni awo anawaphunzitsira. Nsichi youma ndi chakudya cha chiswe, pakatha zaka ziwiri khola lagwada. Koma nsichi yaiwisi ikazikidwa mvula ili pafupi imagwira pansi, ndipo chiswe sichithamangira mtengo wamoyo. Mvula inagwa mu Novembala. Pofika Khirisimasi khola linali ndi masamba.

Apongozi awo aakazi anaona. Mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso, choncho mayiwo anaima pakhomo pa khitchini, nkhope atalozetsa kuphiri, n'kulankhula ndi mwana wawo mokweza kuti wina kuseri amve.

"Iwe Esitere, khola la amuna akoli laganiza zokhala nkhalango."

"Ndiwauze azule, amayi?"

"Azule chiyani? Mbuzi nazo zimafuna mthunzi. Uwauze asiye."

Chilolezo chinali chomwecho. Chinadutsa m'kamwa mwa anthu awiri, ndipo lero onse awiri ali kumanda.

Milombwa inakula. Yofooka a Gilson ankaichotsa, yotsalayo inapitirira denga la nyumba n'kukumana nthambi pamwamba. Chilimwe chilichonse ankaluka nsungwi zatsopano pakati pa mtengo ndi mtengo, ndipo pambuyo pake anamanga thandala m'kati kuti mbuzi zizigona m'mwamba, manyowa azigwera pansi. Chimvula cha Januwale 2015 chinagwetsa makola a zidina m'dera lonselo, koma lawo linangogwedeza nthambi. Anthu ofuna khola ankabwera kudzaliona kaye, n'kunena kuti, "Mundimangire ngati lanuli."

Pamthunzi wa kholalo ndi pamene pankakhala bawo. Che Selemani, Msilamu wogulitsa nyama ya mbuzi ku Likangala, ankakwera mtunda wonsewo akukankha njinga, ati kudzaona mbuzi, koma kwenikweni kudzagonja pa bawo.

"Lero mwachokera komanga khola la chiyani, achimwene?" ankafunsa, manja atabisa kumbuyo.

"La nkhumba."

"Ndiye moni wanu ndalandira ndili pompano. Kasambeni."

"Koma mbuzi zanga mumazigwira, zimene ndimazisisita ndi manja omwewa."

"Mbuzi sinasankhe mbuye wake. Takhalani pansi ndikudyeni."

A Hamilton, mlongo wake wa Esitere, kalaliki wa boma amenenso anali mwinimbumba, nawo ankabwera pamthunzipo kudzamwa thobwa la mlongo wawo. Ndipo a Gilson akapambana masewera awiri otsatizana, ankatsamira mlombwa, n'kutulutsa chuma chawo cha kuphiri chija.

"Mukudziwa, alamu, kuti tawuni ndi mpanda? Kwa azungu akale wozika mpanda ndiye mwini mudzi. Kukanakhala kwawoko, pano pakanatchedwa pa Namakhwa."

Onse ankaseka, a Hamilton kuposa onse, ndipo Esitere ankafuula ali kukhitchini: "Eni ake a pa Namakhwa, tadzukani! Mbuzi zanu zili m'chinangwa cha anthu." Nthabwala imeneyi inanenedwa zaka ndi zaka, ndipo panalibe tsiku limene a Hamilton anaikwinyira nkhope.

Ana anabadwa awiri. Wamkazi, Chifuniro, anamwalira ndi chikuku pa 2 Seputembala 1983 asanayambe n'komwe sukulu. Wamwamuna, Prosper, anakula n'kukakwatira ku Thyolo, kumene nayenso ndi mkamwini. Wodziwa mwambo waona kale pamene panali bowo. Pakhomopo panalibe mwana wamkazi woti malo agwere m'manja mwake, woti tsiku lina adzaime n'kunena kuti bambo anga pano sachoka.

Nthawi yonseyi tawuni inkakwera phiri pang'onopang'ono. Pamene panali chimanga panayamba kuima mipanda ya njerwa, ya mabotolo osweka pamwamba. Ophunzira a ku koleji anachuluka kuposa malo ogona, ndipo aliyense wa kamalo anayamba kukayang'ana ndi maso ena. Pempho, mwana wa mng'ono wake wa Esitere, amene ankagwira ntchito m'tawuni, ankabwera Lamulungu kudzaona amayi ake aakulu, koma maso ake ankayenda kuchokera kunjira mpaka kukhola, kubwereranso, ngati munthu woyeza nsalu.

Esitere anamwalira pa 19 Juni 2022. A Gilson analira monga mwambo umafunira. Chaka chonse sanapite kutali, sanachotse ngakhale mphika umodzi pamalo pake, ndipo ankadikira tsiku limene achibale a malemu amakumana kuti amasule wamasiye. Sankaopa. Anali ataona kambiri m'mudzimo kuti mkamwini wokalamba, amene anasunga bwino mkazi, amauzidwa kuti khalani, mufere pompano, tidzakuikani pafupi ndi mnzanu. Chimene ankafuna chinali chomwecho basi: kukhala pamene anakhala, kumva mbuzi zawo m'mawa, ndi kudzagona pafupi ndi Esitere ndi Chifuniro.

Mbumba inakumana Loweruka pa 8 Julayi 2023, pamthunzi wa khola, chifukwa pakhomopo panalibe mthunzi wina wokwana anthu onse. A Hamilton anayamba ndi pemphero, kenaka anatembenukira kwa a Gilson.

"Alamu, ife tilibe nanu mlandu. Mlongo wathu munamusunga bwino, tonse tinaona. Pa ukalamba wanuwu mungapite kuti? Koma ana akudandaula ndi mitengoyi."

"Mitengo iti?"

"Imene mwatsamirayo."

"Ili ndi khola, alamu."

"Khola limakhala ndi mizu, bambo aakulu?" anafunsa Pempho mofatsa, maso ali pa foni.

"Agogo ako analola, mwana iwe. Usanabadwe n'komwe."

"Analola pamaso pa ndani?"

A Hamilton anatsokomola.

"Komanso, alamu, si inu nomwe munkanena pompano kuti wozika mpanda ndiye mwini mudzi? Kuti pano ndi pa Namakhwa? Ine ndinamva ndi makutu angawa, osati kamodzi."

"Munkaseka, alamu! Inu ndi amene munkaseka kwambiri!"

"Ndinkaseka chifukwa mlongo wanga anali moyo."

Munthu amene anakumba manda a mayi wawo a Hamilton, amene anafolera nyumba ya a Hamilton kawiri, amene chaka ndi chaka ankakonza mpanda wa dimba la mayi ake a Pempho popanda wowatuma, anakhala pansi n'kumamvetsera nthabwala yake ya pa bawo ikuwerengedwa ngati umboni. Ndipo onse amene ankaidandaula mitengoyo anali atakhala mumthunzi wake, ena atavula nsapato.

Chigamulo chinali chooneka chofewa. A Gilson adule milombwa yonse ndi manja awo, kuti aliyense aone kuti alibe maganizo pa malowo, ndi kuti mawa Prosper kapena ana ake asadzabwere kudzaloza mitengo n'kumati agogo athu anabzala. Akatero, akhale m'nyumba yawo mpaka Mulungu adzawaitane.

Che Selemani atamva anakana ngakhale kutulutsa nkhomo za bawo m'thumba.

"Musadule, achimwene."

"Alonjeza pamaso pa mbumba yonse. Ndiponso a Hamilton ndi mkulu wa mpingo."

"Ine ntchito yanga ndi yopha. Ndimadziwa mmene munthu amalankhulira ndi chinthu chimene akufuna kuchigoneka pansi. Amachisisita pakhosi. Mitengo iyi ndi imene ikuwagwira manja. Aliyense wodutsa panjirapo amaona kuti pano pakhala munthu kuyambira kale, ndipo kumuthamangitsa ndi manyazi. Mukadula mutsala nokha ndi imvi zanuzo."

"Ndikakana ndiye kuti zimene akunenazo n'zoona, ndikufuna malo a eni. Ine, Che Selemani, zaka zonsezi sindinabzalepo ngakhale papaya. Ngakhale papaya! Esitere ndi amene ankaponya njere, ine n'kumangothirira."

"Ndiye mukufuna akupatseni mendulo?"

"Ndikufuna adziwe kuti anali ndi mkamwini."

Apa ndi pamene panali kulakwa kwawo, ndipo ndi kulakwa kumene munthu wopanda ulemu sangachite. A Gilson ankanyadira kuti anasunga mwambo, ndipo ankakhulupirira kuti mwambo nawo udzawasunga. Anaimbira foni Prosper ku Thyolo, koma mwanayo anangopuma mozama. "Ine ndingatani, bambo? Kuno nanenso ndimachita kupempha pobzala nthochi."

Anayamba kudula Lolemba pa 7 Ogasiti. Pempho anati abweretsa makina, iwo anakana. Anamasula nsungwi zonse, anagwetsa thandala, anamangirira mbuzi ndi zingwe kutsogolo kwa nyumba, n'kutenga nkhwangwa yawo yakale ija. Mlombwa ukatemedwa umatulutsa madzi ofiira, ndipo madzulo aliwonse malaya a nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri mphambu ziwiri ankakhala ngati a mnzawo wa ku Likangala. Anthu odutsa ankaima panjira, ena kugwira pakamwa, ena kufunsa ngati pachitika chinachake. A Gilson ankayankha kuti palibe, akungokonza pakhomo. Mwezi wonse unathera pamenepo. Palibe wa mbumba amene anabwera kudzakoka nawo chingwe.

Anabwera mtengo womaliza utagwa. Pempho anafika ndi amuna ocheka matabwa, makina awo paphewa, ndipo asanapereke n'komwe moni anayamba kuyeza zipika.

"Mukutani?" anafunsa a Gilson.

"Tikucheka, bambo aakulu. Zingawole."

"Mitengo yangayi?"

"Aaa, mwayambanso? Si mwagwirizana ndi atsibweni kuti pano mulibe chanu? Yamera pa malo a mbumba. Ndikufuna zitseko ndi mafelemu, ndikumanga zipinda za ana a sukulu."

Ili chiimire, mitengoyo inali ya a Gilson, ndipo unali mlandu wawo. Itagona pansi inasanduka ya mbumba, ndipo chinali chuma. Palibe amene anaona chachilendo pamenepa. Matabwa ofiira anakwezedwa pa lole masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo a Gilson anasiyiridwa nthambi ndi utuchi.

A Gilson anapirira. Anapita kwa a Hamilton kukapempha kuti amange khola lina, la nsichi zouma, zowauka kumapeto kuti zisaphuke ngakhale mwangozi. A Hamilton anati adikire kaye, kukubwera anthu odzayeza malo, asazike chilichonse. Motero mbuzi za mmisiri wa makola zinayamba kugona m'khitchini ya Esitere, masana n'kumazungulira pa chingwe padzuwa la Seputembala, popanda mthunzi. Zinaonda. Ndipo tsiku lina tonde anatafuna chingwe chake, zinzake zinadula zawo, zonse n'kutsikira kumtsinje kumene kunali dimba la mayi ake a Pempho. Mpanda wa dimbalo unali ndi mabowo, chifukwa munthu amene ankaukonza Ogasiti aliyense chaka chimenecho anali wotanganidwa ndi kudula khola lake. Mpiru ndi tomato zinatha.

Mbumba inakumananso pa 14 Okutobala, ulendo uno pakhonde pa a Hamilton. Pemphero linali lalifupi.

"Alamu, tayesetsa," anatero a Hamilton. "Koma mwaona nokha. Munthu womangira Zomba yense makola, mbuzi zake n'kumagona m'khitchini, masana kumadya za anthu. Mphamvu zatha, si mlandu. Komanso kuno kwasanduka tawuni, si koweta."

"Khola munandiuza ndinu kuti ndigwetse. Lina mwandiletsa ndinu kumanga."

"Tisabwerere m'mbuyo."

"Munalonjeza pamaso pa anthu onsewa kuti ndifera pano."

"Tinati tiona mmene zikhalire. Ndiye taona." A Hamilton anaimirira, n'kukonza jekete, n'kunena mawu a mwambo mosadumpha limodzi. "A Namakhwa, ife a mbumba ya malemu Esitere takusudzulani. Takumasulani, mulibe mangawa ndi ife. Ndinu mfulu. Mutha kubwerera kwanu, mutha kukakwatira kumene mtima wanu ungafune."

"Kukwatira!" A Gilson anaimirira nawonso, mawondo akulira. M'zaka zonse zija panalibe amene anawamvapo akukweza mawu pakhomo pa eni. "Ine? Ndikakwatire ndani, alamu, imfa? Ndinabwera pano tsitsi lili bii, nyumba yanuyi isanakumbidwe maziko. Amayi anu ndinawanyamula kumsana kuchokera apo mpaka kumsewu wa phula. Iwe Pempho, mbuzi imene inaphedwa pa chinkhoswe chako inachokera m'khola liti? Tayankha! Linalibe mizu pamenepo?"

Azimayi anayang'ana zala za kumapazi. Pempho anadzuka kukalandira foni imene sinalire.

Anawalola kutenga zovala, zida zawo, njinga ndi mbuzi. Malata a nyumba anati atsale, chifukwa anagulidwa malemu ali moyo.

Loweruka lotsatira, pa 21 Okutobala, Che Selemani anabwera ndi galimoto ya katundu imene anabwereka kwa mnzawo. Anathandiza kukweza mbuzi, osanena kuti ndinakuuzani, ngakhale mawuwo ankaoneka akuyenda m'masaya mwawo. A Gilson anapempha kuti adzere kumanda, koma atafika pachipata anangoima, chipewa m'manja. Mlendo salowa kumanda a eni popanda womutsogolera, ndipo panalibe amene anabwera kudzawaperekeza.

Akutsika kudutsa Masongola, Che Selemani anati, "Kuseri kwanga kuli chipinda, achimwene. Mayi a kunyumba avomera kale. Bola nkhumba musabwere nazo."

"Zikomo, koma pa eni ndakhalapo mokwanira. Ndipite kwathu."

Kwawo ku Mayaka anali asanagoneko kuyambira maliro a mlongo wawo mu Meyi 2009. Mitengo imene ankaidziwa kunalibe, ndipo anachita kufunsa njira kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Pakhomo anapezapo Miriam, mwana wa mlongo wawo uja, mayi wamkulu tsopano, akupeta nandolo. Anaika lichero pansi, anapukuta manja pachitenje, anagwada n'kuwapatsa moni bwinobwino, monga mmene atsibweni amalandiridwira. Kenaka anayang'ana galimoto, mbuzi, mphasa yokulunga, njinga.

"Mukhala mpaka liti, atsibweni?"

Che Selemani, amene anali atayamba kumasula zingwe za katundu, anasiya, n'kukodola dalaivala kuti asazimitse injini.

"Zimitsani," anatero a Gilson osacheuka. "Tsitsani mbuzi." Kenaka anatembenukira kwa Miriam. "Mayi ako anabadwira m'nyumba imene inali apo pali dzala lanulo. Inenso ndinabadwira momwemo. Ndionetse pogona."

Miriam anati adikire pang'ono. Anapita kuseri kwa nyumba, anaitana azing'ono ake awiri, ndipo kunamveka manong'onong'o amene sankatha. A Gilson anaima pabwalo, zingwe za mbuzi zonse m'dzanja limodzi, chifukwa sankadziwa mtengo umene angamangirirepo osafunsa. Dzuwa linali litapendeka pamene Miriam anabwerera. Anawauza kuti m'kanyumba kosungiramo nandolo angathe kusunthamo matumba, ndipo za mbuzi akambirana mawa.